Kukatenga Apongozi pa Phiri la Mapanga

Ndinanyamuka pa Dwangwa Lachiwiri m'mawa, mvula itangosiya kumene, chaka chija cha referendamu tinkakangana za nyali ndi tambala. Makina anga osokera ndinawalowetsa m'sitolo imene ndinkasokera pakhonde pake, ndipo ndinauza mwini sitoloyo kuti andiyembekeze pakatha sabata. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "A Telala, ku Mozambiki mitembo ilipo kale yokwanira. Mukufuna mukawonjezereko wanu?" Ndinaseka naye, koma kunena zoona mantha ndinali nawo.

Sindinkapita kukaona dziko. Mkazi wanga Luziya ndi wa kutsidya kwa nyanja. Anawoloka ndi amalume ake pothawa nkhondo zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, ndipo amayi ake anatsala chifukwa ankadwazika abambo ake. Chiwolokereni sanamvenso za iwo. Pa ukwati wathu amalume aja ndiwo anali ankhoswe, kenaka anatisiya. Nkhondo itatha, munthu wina wogulitsa usipa wochokera kutsidyako anatiuza kuti kumwera kwa Mtengula kuli phiri limene anthu akukanabe kutsikako, ndipo pakati pawo pali mayi wamtali amene amamutcha Amake Luziya. Apo n'kuti Luziya ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mimba yoyamba. Anasiya kudya, tulo sankatiwona. Mawu ake anali amodzi: "Ndikufuna amayi anga adzandione ndisanalowe m'chikuta." Munthu woyembekezera sungamukweze chombo, choncho wopita ndinali ine, munthu amene ndinabadwira m'mbali mwa nyanja koma ndinathawira ku singano poopa nkhafi.

M'chikwama ndinaikamo mchere makilogalamu atatu, sopo mitanda iwiri, chitenje chatsopano, ndi envulopu yokhala ndi kalata ya Luziya ndi chithunzi chathu cha ukwati. Envulopuyo ndiyo inali mboni yanga, chifukwa apongoziwo sankadziwa n'komwe kuti ali ndi mkamwini. Ndalama ndi khadi la chipani ndinaziika m'thumba la malaya. Khadilo linali litayamba kutha mphamvu masiku amenewo, koma sindinafune kuti anyamata a chipani ayesere pa ine.

Galimoto ya matola inatenga K4 mpaka pa boma la Nkhotakota. Inali pikapu yotopa, ndipo tinadzazamo anthu, matumba a mpunga ndi njinga ziwiri mpaka kumbuyo kwake kunatsala pang'ono kukhudza msewu. Matola sankaloledwa kwenikweni, ndiye tisanafike pa mlatho wa Bua dalaivala anaima natulutsa mutu pawindo. "Tikaimitsidwa, tonse tikupita kumaliro. Omwalirawo ndi azakhali athu, ku Linga." Apolisi anatiimitsadi. Mayi wina amene ankadya nzimbe njira yonse anaibisa m'chitenje nayamba kulira mokweza, kutchula ndi dzina lomwe la azakhaliwo, limene dalaivala sanatiuze. Anatilola kudutsa ndi mawu achipepeso. Titawoloka mlatho, mayiyo anatulutsa nzimbe yake napitiriza pomwe analekezera.

Pa boma tinafika cha m'ma leveni. Ndinakatenga chiphaso chowolokera, ndinadya mpunga wa nyemba wa K1.50 pamsika, kenaka ndinatsikira kudoko. Chombo chopita kutsidya chinali chimodzi chokha, cha matabwa, choyenda ndi thanga. Mwini wake anali bambo wa ku Linga wovala mkanjo ndi kofiya, ndipo aliyense ankangowatcha a Nahodha. Ndinawapeza akutseka ming'alu ya chombocho ndi thonje loviika m'mafuta.

"Mtengo ndi K20," anatero osadzutsa mutu.

"Tinyamuka liti?"

"Mwera ukagona, Inshallah."

"Nanga umagona liti?"

"Inu ndinu ophunzira, kaufunseni. Ine umangondiuza ukafuna."

Mwera sunagone tsiku limenelo, Lachitatu lomwe unakana. Ndinagona masiku awiri ku resitihausi ya K3, komwe nsikidzi zinandilandira ngati m'bale wawo wosowa. Lachitatulo ndinalithera ndikuzungulira m'tauni, kuyang'ana mmene atelala anzanga a pa boma amadulira makolala, ndi kumwa tiyi wa mkaka m'tiyirumu ya pafupi ndi mzikiti. Mmenemo bambo wina anasendeza benchi nandinong'oneza, "Achimwene, inu ndi nyali kapena tambala?" Sindinkamudziwa, ndipo masiku amenewo funso lotere silinkayankhidwa kwa munthu wosamudziwa. Ndinati, "Ine ndine telala, ndimasokera onse." Anandigulira chitumbuwa chimodzi, kaya pondiyamikira kaya pondimvera chisoni.

Lachinayi, a Nahodha atangochokera ku swala ya m'mawa ku mzikiti, anatikweza. Ambiri mwa anzanga a m'chombo anali obwerera kwawo atakhala ku Malawi zaka za nkhondo. Ananyamula malata, mitengo ya chinangwa yokabzala, makasu, nkhuku, ndi mbuzi imodzi imene inalira kuyambira doko ili mpaka doko linalo. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anali atakumbatira chitseko cha matabwa, loko wake ali pomwepo. Ndinamufunsa ngati nyumba yake idakalipo.

"Kaya," anatero. "Koma chitseko chilipo."

Tinachoka cha m'ma sikisi. Za maola atatu oyamba sindinena zambiri, chifukwa ndinawathera mutu uli kunja kwa chombo, ndikugawira nsomba zonse zimene ndinadya pa boma. Cha kumasana mafunde anachepa. A Nahodha anandipatsa kachidutswa ka chinangwa chouma kuti ndizitafuna, nandilozera mapiri a kutsidya amene anali atayamba kuoneka bwino.

"Lanu ndi ilo la nsonga ziwiri, amati Mapanga. Agogo anga ankalunjika pa phiri lomwelo akamawoloka. Njira ndi yomweyi, kungoti katundu wawo anali anthu omangidwa m'khosi, ndipo aja sankadzilipirira okha." Ananena izi mosakweza mawu, akukonza chingwe cha thanga. Sanaonetse kunyada, sanaonetsenso manyazi.

Tinakocheza cha m'ma folo pa kadoko ka mchenga kumwera kwa Mtengula. Mudzi unatsala dzina lokha. Nyumba za njerwa zinali zopanda madenga, m'kalasi ina ya sukulu munamera mpapaya wobereka kale, ndipo anthu ankagona m'misasa ya udzu pansi pa mitengo ya mango. Pansi pa mtengo umodzi panali tebulo ndi bambo wa chidindo. Inki inamuthera kalekale, ndiye ankapumira mpweya pa chidindocho kawiri katatu asanadinde. Pa chiphaso changa sipanaoneke kanthu, koma iye anati n'chokwanira. Mayi wa chitseko uja ndinamuona atachisenza akulowera kumpoto, osacheuka.

Nditafunsa za phiri, aliyense ananditumiza kwa a Zuze. Anali bambo wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu, woonda, wosayankhula zambiri, ndipo ndiwo ankakwera ndi kutsika kawirikawiri, kupititsa mchere kumtunda ndi kubwerako ndi uchi. Anali msilikali pa nkhondo ija. Sananene kuti anali mbali iti, inenso sindinafunse. Chimene ndinaona ine monga telala ndi malaya awo. Anali a thumba la ufa wa chithandizo, osokedwa pamanja ndi ulusi wa ukonde, koma msoko wake unali wowongoka kuposa wa anthu ena amene ndimawadziwa okhala ndi makina. Tinagwirizana K10 ndi makapu awiri a mchere.

"Amake Luziya alipo, ali moyo," anatero, ndipo mtima wanga unakhala pansi. "Amuna awo anamwalira chaka chachiwiri cha kuphiri. Koma musasangalale msanga, akulu. Kuwapeza n'kosavuta, kuwatsitsa ndiye nkhani."

Anandifotokozera chifukwa chake tikudya usipa wowotcha ndi chinangwa. Nthawi ya nkhondo kunkabwera anthu kuphiriko ndi mauthenga okoma. Wina ankati mwana wako wabwera, ali kudoko akukuitana. Wina ankati kwafika chimanga chaulere. Otsika ankagwidwa kuti akasenze katundu wa asilikali, ndipo ambiri sanabwerere. Kuyambira pamenepo anthu a kuphiri sakhulupirira mlendo wobwera ndi nkhani yabwino. Ngakhale a Zuze amene, akawauza kuti nkhondo inatha, ankangolandira mcherewo n'kuthokoza.

"Ine ndili ndi kalata ya mwana wawo, ndi chithunzi," ndinatero.

"Kalata aliyense amalemba. Chithunzicho mwina. Muchisunge bwino."

Lachisanu tinayamba kukwera kusanatenthe, cha m'ma hafu pasiti faifi. Pamene panathera misasa yomaliza, a Zuze anaima, nazika pansi ndodo yawo yaitali ya nsungwi, nandiyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba.

"Akulu, kuno lamulo ndi limodzi. Pomwe ndaponda ine, inu pondani pomwepo. Phiri lonseli anakwiriramo mabomba. Awa anakwirira awo, enawo anakwiriranso awo, ndipo okwirirawo ena anafa, ena anaiwala. Chipewa chikauluka, chapita. Mukafuna kutaya madzi, tayirani pakati pa njira, ine ndiyang'ana kumbali."

Ndinafunsa kuti nanga njira tikuyendayi anaidziwa bwanji kuti ndi yabwino. Anati inatsegulidwa ndi mbuzi. Ankazitsogoza gulu, anthu n'kumatsatira patali. "Zina tinadya," anatero, "zimene zinagwera pafupi."

Njirayo inali yopapatiza ngati lamba wa buluku, udzu wofika m'chiuno mbali zonse. M'malo ena udzuwo unali womangidwa mfundo, kusonyeza pamene panaphulikapo kapena pamene wina anaonapo waya. Ola loyamba tinadutsa m'minda ya chinangwa chimene chinakula mpaka kusanduka mitengo chifukwa chosowa wokumba. Magwafa anali mbwee pansi, mapazi asanu kuchokera panjira, akudyedwa ndi mbalame zokha. Tinadutsanso lole yopsa itagona chammbali, maungu atayanga mpaka pa chiwongolero. Cha m'ma eyiti tinafika pa kamtsinje, tinakhala pa mwala umene a Zuze anandilozera, tinadya chinangwa chophika ndi uchi. Chibadwire ndinali ndisanayendepo nthawi yaitali chotero maso ali pansi, ndipo khosi linkandiwawa kuposa miyendo.

Kuchokera pamenepo njira inaimirira. Tinakwera m'nsungwi, kenaka pamiyala, ine ndikupuma ngati ng'ombe ya pangolo. Cha m'ma teni tinafika pa khoma la miyala yosanjikiza popanda dothi, lofika pachifuwa, lozungulira phiri mpaka pomwe maso analekezera. Khomo lake linali lolowa munthu mmodzi, chammbali. A Zuze anati analimanga ndi makolo awo pothawa Angoni ndi ogula anthu aja. Pamwamba pa khomolo panali milu ya miyala yobulungira imene anaunjika kuti azigubuduzira adani, ina idakali pomwepo. Pa thanthwe panali maenje osalala operapo mapira, ozama mpaka dzanja langa linalowa lonse.

"Nkhondo iyi itafika sitinachite kuganiza kothawira," anatero. "Tinapeza mapanga ali chikhalire, mapale a agogo athu ali momwemo. Tinangosesa."

Nditacheuka ndinaona nyanja yonse ili pansi panga, mapiri a kwathu akuoneka mwachizimezime kutali. Chakumpoto pang'ono kunkakwera utsi woonda. A Zuze anati umenewo ndi wa nzimbe za ku Dwangwa, ndipo zaka zonse za nkhondo anthu a kuphiriko ankauona, iwo akudya mizu. Ndinachita manyazi ngati kuti motowo ndinayatsa ndine.

Kupitirira khoma lija njira inadutsa m'mbali mwa phiri, kumanja kuli mtunda, kumanzere kuli kotsetsereka kwa udzu wokhawokha. Nthawi inali cha m'ma hafu pasiti leveni. Kutsogolo kunatulukira amayi atatu atasenza mitsuko, akutsikira ku kasupe. Wotsogola anali wamtali, wa imvi, atavala chiwondo, ndipo kayendedwe kake ndinakazindikira ndisanauzidwe, chifukwa ndimakaona tsiku ndi tsiku kunyumba kwanga. A Zuze anatembenuka akumwetulira.

"Mwayi wanu, akulu. Apongozi anu ndi awa akubwerawa."

Tsono amene munakulira kwathu mukudziwa. Mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi panjira. Ukawaona akubwera umapatuka, n'kulowa patchire, n'kunyonyomala chofulatira mpaka adutse. Ine ndinakula ndikuona abambo anga akulumphira m'chinangwa cha eni ake pothawa apongozi awo, nthawi zina ndi njinga yomwe. Palibe anachita kundiphunzitsa ndi mawu. Zaka zinayi za ukwati ndinali ndisanapatukirepo munthu, poti apongozi ndinalibe, ndiye miyendo yanga inkangodikira tsikuli. A Zuze asanatseke pakamwa ndinali nditalumpha kale. Ndinaponda kamodzi, kawiri, katatu mu udzu wa kumanzere, ndinanyonyomala chofulatira, ndipo ndinayamba kuwomba m'manja mwaulemu. Chikwama chinapulumuka paphewa n'kugubuduzika kotsetsereka kuja mpaka chinakakodwa pa chitsamba.

Ndinamva mtsuko ukusweka. Kenaka mawu a a Zuze, amene sindinkadziwa kuti angakwere chotero: "Musasunthe! Musasunthe ngakhale chala!"

Apo m'pamene mutu unazindikira komwe miyendo inandifikitsa. Manja anauma ali m'mwamba. Ndinayang'ana pansi pakati pa mapazi anga. Panali udzu, nyerere, dothi lofiira, ndipo paliponse pankaoneka ngati pakwiriridwa kanthu dzulo. Ndinaganiza za Luziya, kuti akamuuza ndani, ndipo akamuuza kuti ndafera chiyani.

"Wamisala ameneyu mwamutenga kuti?" Anali mawu a mayi wamtali uja, olemera, osanjenjemera.

"Si wamisala, mayi," anayankha a Zuze. "Akuti ndi mkamwini wanu. Wachokera ku Malawi, akuti anakwatira Luziya."

Kenaka mayiwo anayamba monga mwa mwambo, kuyankhula nane kudzera mwa wina. "A Zuze, muwauze bambowa kuti asadzuke msanga. Muwauze kuti phazi lamanzere…" Analekeza. "Aaa, zitenga tsiku lonse izi. Inu bambo! Tembenuzani mutu wokha, mundiyang'ane."

Sindinathe. Ndikunena zoona, ndili pakati pa mabomba chomwecho, khosi linakana.

"Ndati mundiyang'ane kumaso! Ulemuwo mukufuna mukachitire kumanda?"

Ndinatembenuza mutu. Anali atagwada m'mphepete mwa njira, nsungwi ya a Zuze ili m'manja. Anandilozera dzenje losaya, lomera udzu waufupi, mapazi anayi kuchokera pomwe ndinali. "Apo panatithera mwana wa mng'ono wanga, akuthamangitsa nkhuku. Anzake a bomba limenelo alipo, sitidziwa kuti ndi angati. Ndiye mumvere ine ndekha."

Anayamba kupatula udzu ndi nsonga ya nsungwiyo pang'onopang'ono, kufunafuna pomwe ndinaponda. Udzu wothyoka ndiwo unkawauza. "Imirirani mowongoka, musagwire pansi. Lamanja libwerere m'mbuyo. Ayi, kwezani, musalikoke. Tsitsani. Pang'ono kumanja. Pamenepo." Mapazi atatu amene ndinawalumpha m'kuphethira kwa diso anatitengera nthawi yokwanira kusoka malaya a mwana. Pa lomaliza ndinamva dzanja likundigwira pamkono mwamphamvu n'kundikokera panjira. Ndinagwera pa mapale a mtsuko uja. Za buluku langa ndingonena kuti lamulo la a Zuze lotayira madzi panjira ndinalisunga mochedwa.

Mpweya utabwerera ndinaona chikwama changa chili pa chitsamba paja, mapazi ngati khumi ndi asanu kumunsi, lamba wake akulendewera. Mchere, sopo, chitenje, kalata, chithunzi, zonse zinali mmenemo. Chisoni chimene ndinamva chinaposa mantha aja. Ndinawoloka nyanja, ndinakwera phiri, ndipo tsopano ndinali pamaso pa apongozi anga chimanjamanja, wonyowa, wopanda chilichonse chowatsimikizira kuti ndine ndani.

"Mayi," ndinatero maso ali pansi, "kalata ya mwana wanu ndi chithunzi zili m'chikwama umo. Mwina titalumikiza nsungwi ziwiri…"

"Zisiyeni. Kuwerenga sindidziwa, ndipo maso angawa tinthu ta pafupi saona." Anakhala pansi panjira pomwepo, moyang'anana nane. "Obwera kudzatinamiza ndawaona ambiri. Onse ankayenda pakati pa njira bwinobwino, maso ali pa mapazi awo. Ankatitcha amayi, ankatigwadira. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene analumphira umo chifukwa cha ine." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Mwana wanga ali moyo?"

"Ali moyo, mayi. Ali ndi pakati, miyezi isanu ndi iwiri. Akuti mukamuone asanalowe m'chikuta."

Sanalire mokweza. Anangogwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo amayi awiri aja anatula mitsuko yawo nakhala nawo pansi. Ine ndi a Zuze tinayang'ana kunyanja.

Pamwamba tinafika cha m'ma wani. Mapangawo ndi atatu, aakulu, madenga ake akuda bii ndi mwaye wakale ndi watsopano. Kutsogolo kwake kunali timinda ta mapira ndi maungu, ndi khola la mbuzi. Anthu analipo ngati makumi atatu, ambiri achikulire, atavala ziwondo ndi ziguduli. Nkhani yanga inafika ine ndisanafike, ndipo aliyense ankafuna kuona mkamwini wa ku Malawi. Anandipatsa phala la mapira ndi nkhwani wopanda mchere. Mkulu wina anandifunsa ngati n'zoona kuti m'chikwama muja muli mchere wochuluka chotero. Nditavomera, anadzuka ndi anzake awiri n'kupita kukaima panjira paja kukangochiyang'ana.

Ena anandifunsa ngati nkhondo inathadi. Ndinawauza zomwe ndinaona ndi maso anga: chombo chodzaza anthu obwerera, malata, makasu, chitseko. Anamvetsera mwaulemu, koma sindinganene kuti onse anakhulupirira. Madzulo asanafike apongozi ananditengera kumanda a amuna awo, kuseri kwa phanga lachitatu. Unali mulu wa miyala pakati pa milu ina yakale kwambiri imene palibe amene akudziwa eni ake. Anagwada nayankhula motsitsa mawu, ine ndili chapatali. Ndinangomva akuti, "Ndikaone mwana."

Loweruka m'mawa tinatsika anayi: a Zuze, ine, apongozi, ndi mmodzi mwa amayi a mitsuko aja, amene anati akangoona kudoko n'kubwerera. Apongozi anakana kuti ndiyende kumbuyo. Anandiika pakati, iwo ali pambuyo panga, atagwira malaya anga kumsana monga achitira amayi ndi mwana pamsika. Cha pa kamtsinje paja tinakumana ndi nkhalamba ina ikukwera, ndipo ndinamva dzanja lija likulimba poopa kuti ndingalumphenso, mpaka batani linathothoka. Tinapatsana njira pa mwala.

Chombo tinachidikira mpaka Lolemba. Masiku awiriwo ndinawathera pansi pa mango ndi singano imene imakhala mu kolala yanga nthawi zonse, ndikusoka zigamba pamanja, anthu akundilipira ndi nsomba. A Nahodha atafika ndi kumva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Subhanallah, a Telala, Mulungu amakonda zitsiru," koma mtengo sanatsitse. Apongozi sanadwale m'chombo ngakhale pang'ono, ine ndinabwereza zanga zija. Tinagona pa boma, ndinawagulira chitenje china ndi nsapato za pulasitiki pamsika, ndipo Lachiwiri masana matola anatitsitsa pa Dwangwa. Luziya tinamupeza pampopi akutunga madzi. Anayamba kuona ine, kenaka munthu wamtali amene anali kumbuyo kwanga. Ndowa inasefukira mpaka mnansi wathu anachita kudzatseka mpopi. Zimene anauzana sindinazimve, ndinawasiya n'kupita kukatulutsa makina anga.

Mwana anabadwa patatha milungu isanu ndi iwiri, wamkazi, ndipo woyamba kumusambitsa anali agogo ake. Kulumpha kuja sindikunyadira, kunali kupusa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira dothi lofiira lija thupi limandizizira. Ndinaphunzira kuti mwambo umene munthu anakula nawo sudikira kuti auganizire, umangomunyamula. Koma sindidziwanso ngati kalata ndi chithunzi zikanatha kuwatsitsa mayi aja.

Anakhala nafe zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chitsikireni phiri anandiletsa kuwapatukira. Tinkakumana panjira ya kumsika n'kupatsana moni maso ndi maso, tinkadyera pa mphasa imodzi, ndipo anthu a m'mudzi mwathu zinkawanyansa. Tsiku lina azakhali anga anabwera kudzawapepesa kuti mwana wawo, ineyo, ndilibe ulemu. Ndinali kuseri kwa nyumba, ndipo yankho ndinalimva lonse.

"Ulemu wa bambo amenewa ndinauona kamodzi," anatero apongozi. "Sindifuna kuuonanso."